Mfuti Yomwe Ndinalandira ndi Manja Awiri

Nkhalamba ya khomo loyandikana ndi lathu ku Whitmore Reans, dera lina kufupi ndi Birmingham kudziko la azungu, itamwalira, ine ndinachita zomwe munthu woleredwa amachita. Ndinavala jekete, n'kukagogoda, n'kukhala pansi. Sindinkadziwa kuti kumeneko maliro amachita kuitanirana ngati ukwati. Mayi wamasiyeyo, mzungu wa imvi mbuu, ananditsegulira ali kakasi, koma sanandibweze. Ndinakhala pabalaza pawo masana onse osalankhula zambiri, ndipo mawa lake ndinabweranso. Mwana wawo wamwamuna, wa ntchito ya muofesi ku Birmingham, ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzasankha mipando.

Patapita milungu itatu mayiwo anandiitanira pa mpanda wakuseri, n'kundipatsa bokosi la nsapato lokulunga m'thaulo. Anati ndi kanthu ka malemu amuna awo, akufuna kakhale kwa ine. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono, n'kuthokoza. Kwathu wofedwa sumufunsa kuti mwaikamo chiyani, ndipo mphatso sumasula mwini wake akuona. Ndinakamasulira kuchipinda kwanga. Munali mfuti.

Inali yaing'ono, ya m'manja, ija yokhala ndi gudumu lozungulira lolowetsamo zipolopolo. Chogwirira chake chamtengo chinali chitasalala ndi ukalamba. Nthawi imeneyo n'kuti boma litalamula kuti aliyense wosunga mfuti zoterezi akazipereke kupolisi, ndipo wailesi inkangonena zomwezo. Ine ndinali mwana wasukulu, chaka chomaliza cha maphunziro a zitsulo, wokhala m'dzikomo chifukwa cha chidindo chimodzi cha m'pasipoti. Kupezeka nayo kunali ndende, kenako ndege yobwerera kumudzi wopanda digiri.

Ndinaionetsa mkulu amene ndinkakhala naye nyumba, wa ku Dedza, yemwe anali atamaliza kale sukulu n'kumagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala. Anadumpha ngati waponda khala.

"Aise, wapenga? Ukudziwa kuti akudipota ndi zimenezi? Ika mu bag, ukaponye m'madzi mu canal, finish. Palibe wakuona."

"Achimwene, ine sindinabe. Ndikataye mozemba ngati wakuba chifukwa chiyani?"

"Iwe, munthu wakuda kulowa pa police station ndi gun? Ukakamba ndi ndani? Ma officer akuno sakufunsa za ulemu wa kwanu."

Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima. Zaka zitatu ndinali nditayenda chonyang'ama m'dziko lija, kupepesa ngakhale wina akandiponda m'basi. Ndinati pa ichi chokha ayi. Ndinali nditamvanso kuti mfuti zakalekale, zomwe zipolopolo zake zinasiya kupangidwa, lamulo limalola kuzisunga ngati chokongoletsa m'nyumba. Ndiye ndinaganiza zoyamba ndadziwa chomwe ndagwira.

Ndinajambula ndi pensulo tizizindikiro tonse tomwe tinali pachitsulocho, mfutiyo n'kuikankhira kunsi kwa bedi, n'kukwera sitima ya ku Birmingham ndi kapepala kokha. Ku laibulale ndinapeza buku la zidindo za amisiri a mfuti. Kachisoti kachifumu pamwamba pa tindodo tiwiri topingasa kanasonyeza kuti mfutiyo inayesedwa mumzinda womwewo. Nambala ya pa mpope wotulukira chipolopolo, 442, inali kukula kwa chipolopolo chake, mtundu womwe unasiya kupangidwa kalekale. Ndinabwerera ndikumwetulira ndekha m'sitima, ndikukonzekera kukamuseka mkulu wa ku Dedza uja.

Koma aphunzitsi athu anatizoloweza kusakhulupirira cholembedwa pachitsulo tisanayeze. Nditafika kunyumba ndinatenga veniya yanga, kachipangizo koyezera kukula kwa bowo, n'kuipisa m'mabowo a gudumu lija. Anayenera kupitirira mamilimita khumi ndi limodzi. Ndinapeza osafika khumi. Ndinayeza katatu, kenako ndinapita ndi mfutiyo pawindo. Kukamwa kwa bowo lililonse kunali kamkombero kowala, chitsulo chatsopano cholowetsedwa mkati mwa chakale, ndipo mumpope munalinso chimodzimodzi. Wina anali ataichepetsa kuti izilandira zipolopolo zamakono. Ntchito yake inali yaukhondo moti ndinachita kuisirira, ndipo wochita ndinamudziwa: malemu aja anagwira ntchito ya makina ku fakitale ina ya ku Smethwick moyo wawo wonse. Nambala ija tsopano inali bodza. Pamaso pa lamulo mfutiyo sinali yakale ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake ndinaibwezera m'bokosi, n'kulikulunganso m'thaulo lake lomwe lija, n'kukagogoda. Ndinawafotokozera mayiwo zomwe ndinapeza, n'kuwafunsa ngati ankadziwa.

"Ndinkadziwa kuti ankaikonzakonza m'kashedi kawo," anatero. "Mwana wanga anati sangaikhudze, ali ndi ntchito yoti aiteteze. Ine kupolisi ndimaopa. Ndinaganiza kuti inuyo mudziwa kopita nayo."

"Ndidziwa bwanji ine, mayi?"

Yankho ndinalimva ndekha. Zinandiwawa kuposa mantha onse aja. Ine ndinkayesa akundithokoza chifukwa chowakhalira pamaliro, chonsecho anangoona munthu woti angamutayire moto umene mwana wawo anaukana. Mwana wawo anali ndi chomuteteza, ine ndiye ndinalibe chotaya? Mayi anga ku Malawi anali atauza kale mpingo wonse kuti ndikubwera ndi digiri.

"Mayi, valani chikhoti. Tikupita tonse kupolisi."

Anayamba za mawondo, za mvula, za mawa. Anandilozera mpando womwe uja ndinakhalapo masiku a maliro, nati tiyambe tamwa tiyi. Ndinakana. Kwathu kulamula munthu wamkulu, wamasiyenso, ndi mwano wosasimbika, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe. Ndinaimabe pakhomopo, bokosi nditaliika pa tebulo lawo, mpaka anakatenga chikhoticho.

Bokosi ananyamula okha. Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa mizere ya nyumba zogundana zija, ine ndikuwagwirira ambulera, chifukwa mwano wanga unali ndi malire ake. Kubwerera sindinakuganize.

Kupolisi tinapeza wapolisi mmodzi kuseri kwa kauntala. Mayiwo anaika bokosi pamenepo n'kufunyulula thaulo, n'kuchotsa chivundikiro. Wapolisiyo anaona mfuti, ndipo maso ake anawadumpha mayiwo ngati palibe munthu, n'kutera pa ine.

"Ndi yako iyi, mnyamata?"

Mayi aja anakankhira bokosilo pang'ono chakwa ine, monga munthu wozolowera kupatsa. Ndinaliyang'ana, ndinawayang'ana iwo, kenako manja anga onse awiri ndinawapisa m'matumba a jekete. Foni inkalira kwinakwake mkati. Ndinali nditatsimikiza kuti ndiima pamenepo ngakhale mpaka atseke.

Mapeto ake mayiwo anakoka bokosi lija kulibwezera patsogolo pawo.

"Si yake," anatero. "Ndi ya amuna anga. Ndinamupatsa ndine."