Achimwene Ankamva Mbuzi

Tsiku limenelo tinkamenya nandolo pabwalo. Amayi anali ndi lichero, ine ndodo. Kwathu kunali kutsidya, ku Mozambiki, pafupi ndi njanji yobwera ku Nayuchi. Ndinali mwana, kabudula womanga ndi luzi.

Zinayamba kuthawa ndi nkhuku. Kenako phokoso, ngati nsungwi zikuphulika pamoto. Amayi anataya lichero n'kundikoka dzanja. Mlongo wanga Roza anali kumsana.

Abambo anali kudimba ndi achimwene anga aakulu, a Alubeto. Anthu amfuti anawapeza komweko. Musandifunse kuti anali a mbali iti. Onse ankavala nsanza. Onse ankagwira anthu kuti awasenzere katundu.

Ife tinabisala m'bango. Madzi ankandilekeza m'chiuno. Misundu inandimata m'miyendo, sindinaichotse. Utsi wochokera kumudzi unkanunkha nandolo wopserera.

Patapita masiku, achimwene anatipeza m'mbali mwa njanji, pamene anthu othawa ankadikirana. Anabwera okha. Khosi lotupa, malaya alibe. Ankangopukuta manja pantchafu, kupukuta, kupukuta, chonsecho manjawo anali ouma.

Anayamba kunena. "Amayi, anandiuza kuti ndigwire..."

Amayi anawatseka pakamwa ndi chikhatho. Pambali panali anthu akumvetsera. Kunkamveka kuti mnyamata amene wayendako ndi amfuti, kumalire akumubweza, pena anthu akumumenya okha. Amayi anati, "Iwe unasochera kutchire. Sunaone kanthu. Wamva?"

Anamva. Mawa lake amayi anawatengera pambali n'kufunsa za abambo. Achimwene anayang'ana pansi n'kuti, "Sindinaone kanthu."

Tinayenda m'kati mwa njanji, chifukwa m'njira ankati akwiriramo mabomba. Miyala inkacheka mapazi. Chitsulo chinkatentha. Kutsogolo kwathu mayi wina anasenza mutu wa makina osokera, ndipo sanautule ngakhale pomwa madzi. Tinadutsa bogi yopserera, m'kati mwake muli ntchentche. Amayi ananditembenuza nkhope.

Tinkadya chinangwa chachiwisi. Roza anasiya kulira. Achimwene ankayenda kumbuyo, zala m'makutu.

Ku Nayuchi kunali fumbi ndi anthu. Asilikali a kuno ankayang'ana anyamata m'mapewa, kufuna chipsera cha lamba wa mfuti. Atafika pa achimwene, amayi analankhula msanga. Anati khosilo latupa ndi nkhuni. Anatilola.

Kenako mzere wa kuchipatala, pa tenti. Namwino anali wotopa, ankafunsa onse funso limodzi. Anati, "Iwe ukumva chiyani?" Ankatanthauza m'thupi, mutu kapena m'mimba.

Achimwene anati, "Ndikumva mbuzi ikulira."

Mzere wonse unaseka. Pamalopo panalibe mbuzi, zonse zinadyedwa kale. Amayi anati, "Ndi malungo, adokotala, akubwebweta." Anapatsidwa mapiritsi a malungo. Wotsatira.

Amalume awo a amayi anatipatsa malo kwa Nsamala, ku Balaka. Kumeneko mfuti sizinkamveka. Tinalima thonje. Ine sukulu ndinailekeza panjira. Amayi ankapita kusiteshoni kukaona anthu otsika sitima. Wogulitsa nsomba wina anawauza kuti abambo anawaona ku Kuwamba ndi mkazi wina. Amayi anakhulupirira. Kuyambira pamenepo dzina la abambo linasanduka chitukwano m'nyumba mwathu.

Achimwene sanachire. Pa Khirisimasi, pa ukwati, paliponse pozinga mbuzi, ankathawira kutchire. Tinkawapeza m'chigwembe akunjenjemera. Ena ankati ndi chamba. Ena ankati analodzedwa. Ena ankati anakhwima molakwika. Anatemedwa mphini msana wonse. Anapemphereredwa mpaka opemphererawo mawu kusasa. Tsiku lina anthu anawamangirira kumtengo wa mango ndi chingwe cha ng'ombe, ana akuwagenda ndi njere.

Ndipo inu obadwa dzana, mvetsani apa, chifukwa pamenepa ndi pamene pamandiwawa. Kuno munthu akangotchedwa wamisala, safunsidwanso. Amafunsa gadiyani, womuperekeza uja. "Akugona? Akudya? Wamenya munthu?" Mwiniwake ali pompo pabenchi, ngati thumba la chimanga lodikira sikelo. Ankayankha amayi. Amayi atamwalira, ndinkayankha ine. Jakisoni, mapiritsi, bwererani mwezi wamawa. Munthu anamera imvi asanafunsidwe kachiwiri.

Chaka chatha kuchipatala tinapezako namwino watsopano wa matenda a maganizo, mtsikana woti ndikanamubala ine. Atafunsa, ndinayamba monga mwa masiku onse. Anandidula. "Bambo, dikirani kaye. Ndafunsa iwowa."

Ndinapsa mtima. Ndinati munthuyu mutu sukoka, angokuuzani za mbuzi.

Iye sanaseke. Anaika cholembera pansi, n'kukokera mpando pafupi. "Agogo, mbuziyo imalirira kuti?"

Panja anthu anayamba kudandaula kuti mzere sukuyenda. Mtsikanayo sanayang'ane kukhomo.

Kenako achimwene anati, "Si mbuzi iyayi. Ndi abambo."

Ananena zonse, mawu ochepa. Abambo anagwa ndi thumba la mchere, n'kulephera kudzuka. Amfuti sanafune kuwononga chipolopolo. Anasolola mpeni, n'kuuza mwana kuti agwire miyendo ya abambo ake. Anagwira. Panali pafupi ndi chulu, pansi pa mtengo wa msuku. Atatha anamusenzetsa thumba lomwelo.

Anali mnyamata wosamera ndevu. Zimenezi anazisunga yekha chifukwa anauzidwa kuti sanaone kanthu, ndipo palibe anabwera kudzamumasula.

Amayi sindiwada. Pakanapanda chikhatho chawo, mwina achimwene akanatsala kumalire. Koma nkhondo inatha. Anthu anabwerera kwawo, sitima inayambanso kuyenda, tinakwatira, tinabala. Zaka zonsezo tinali ndi pakamwa tonse, abale, akutchalitchi, asing'anga, achipatala. Funso lake linali laling'ono. Silinkafuna galimoto kapena mankhwala ochokera kunja.

Sindikuti achira. Mankhwala akumwabe. Koma tsiku lawo likafika amalowa okha kwa namwino uja, ine ndimatsala panja. Amatuluka maso ofiira, n'kupempha tiyi. Masiku ena amandiitana kuti ndikhale nawo pakhonde, andiuze za abambo, mmene ankasokera ukonde, mmene ankayimbira mluzu. Ine nkhope yawo ndinaiiwala kale.

Tinawoloka amayi, achimwene, Roza ndi ine. Roza ali ku Liwonde ndi zidzukulu. Achimwene ali pano, akusenda chinangwa kuseri. Abambo tinawachitira misa mwezi wathawu, popanda manda. Amayi anapita akutukwana munthu woti sanawathawe.