Makina Ofiira ndi Mtengo Wanga wa Manachesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga analengeza kuti banja lathu lisiya kutchetcha udzu ndi manja. Ndikati banja lathu ndikunena ine, chifukwa achimwene anga awiri anali atapita kusukulu zogonera komweko, ndipo chikwakwa anandisiyira ine ngati chuma cha masiye.

Tinkakhala pa Mwanza Boma, chakumtunda kwa msika. Anansi athu onse mabwalo awo anali adothi, osesedwa m'mawa uliwonse mpaka mbee. Ife tokha ndi amene tinali ndi kapinga. Bambo anagwira ntchito zaka zambiri kumalire, yolembera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu, ndipo ulendo umodzi wokha umene anakwera thiraki mpaka ku Joni unawasokoneza mutu. Anabwerako akunena kuti nyumba ya munthu wozindikira imadziwika ndi kapinga. Kutsogolo anadzala kachigawo kakang'ono, koma kuseri, kumene amayi ankalimako chimanga, anadzala ponseponse. Amayi ankati chibadwire sanaonepo mbewu yothiriridwa ndi kupaliridwa koma yosadyedwa, poti ngakhale mbuzi bambo anaziletsa kulowa.

Nyengo ya mvula kapinga wakuseriyo ankakula ngati watumidwa. Loweruka lililonse anzanga akusewera fulaye, ine ndinali chiweramire ndi chikwakwa, manja ali matuza okhaokha, miyendo ikuyabwa. Udzu umenewo ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Kuti munthu afike kuseriko, njira inali imodzi yokha. Mbali ina ya nyumba inatsekedwa ndi khitchini, imene inagundana ndi mpanda wa njerwa. Mbali inayo kunali kampata pakati pa khoma la nyumba ndi mtengo wa manachesi, ndipo kuseri kwa mtengowo kunalinso mpanda. Mtengo umenewu amayi anaudzala sabata imene ndinabadwa, moti aliyense ankangouti mtengo wa Tiyamike. Nachesi loyamba kupsa chaka chilichonse linali langa, popanda wotsutsa. Ndikakalipidwa ndinkakalirira pamphanda pake, ndipo sindinauzepo munthu kuti ndinkayankhula nawo.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera kumalire nkhope ikuwala. Anati kwafika wamalonda wa ku Zobue, tsidya lina la malire, a Juze, ndi makina awiri otchetchera udzu ochokera ku Joni, ogwiritsidwapo kale ntchito. Sanali okankha ayi, anali ochita kukwera, munthu n'kumawongolera ngati kathirakitala.

"Munthu kutchetcha atakhala pansi?" anafunsa amayi. "Bambo a Dalitso, anthu adzati chiyani?"

"Adzati tatsogola," anayankha bambo.

Bambo sanali munthu wogula chinthu mwachimbulimbuli, kapena tinene kuti ankakonda kuoneka choncho. M'mawa mwake anaitanitsa a Kandulu, makaniko amene ankakonza zigayo ndi njinga zamoto kumsika, kuti akawathandize kusankha. Kenako anandiitana ine.

"Tiya, tenga chingwe ukayeze mpata uja wa pakhoma ndi mtengo wako. Umange mfundo pomwe chathera. Makina opitirira mfundo imeneyo sitigula."

Chingwe cha khonje sindinachipeze. Chimene ndinapeza chinali chingwe cha mphira, malegeni aja odula ku chubu chakutha, amene tinkamangira katundu pakaliyala ya njinga. Apa ndidziikire kumbuyo pang'ono: pakhomo ndinayeza moona mtima. Sindinakoke. Ndinachigoneka pansi kuyambira pakhoma mpaka patsinde, n'kumanga mfundo, n'kuchipinda m'thumba la diresi.

Kumalire kunali monga mwa masiku onse: mathiraki ali ndondondo, fungo la dizilo losakanikirana ndi la tchipisi, osintha ndalama akuitana aliyense wodutsa. Makina aja anawatsitsira pambali pa thiraki ina. Oyamba anali obiriwira, aang'ono, penti itasuluka, mpando utang'ambika n'kutsekedwa ndi chiguduli cha saka. Achiwiriwo, ine mtima unangoti phwii. Anali ofiira ngati tomato wakupsa, aakulu, a nyale ziwiri kutsogolo, mpando wa masipuling'i, komanso kabowo koikapo kapu ya tiyi. Ndinadziona ndili pamenepo Loweruka, anzanga a fulaye akusuzumira pampanda.

"Bondiya, patarau!" a Juze anapereka moni m'Chipwitikizi, akugwira dzanja la bambo ndi manja awiri. "Ofiirawa ndi saizi yanu ndithu. Enawa ndi a anthu wamba."

A Kandulu anayamba aika chikhatho pa injini ya makina obiriwira, kenako pa ya ofiira, n'kuchotsapo msanga.

"Awa bwanji afunda m'mawa uno?"

"Dzuwa, bwana," anatero a Juze.

"Dzuwa la ku Zobue limasankha ndithu. Anzawowa lawadumpha."

A Kandulu anafotokozera bambo kuti wogulitsa akayamba watenthetsa injini ogula asanafike, ndiye kuti injiniyo imavuta kulira ikazizira. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Wa makina obiriwira anali woyera bwino, wa ofiira anali bii ngati phula. Obiriwira analira kamodzi n'kamodzi. Ofiira anatsokomola kaye, n'kutulutsa utsi umene unathamangitsa mayi wina wogulitsa nthochi. Kenako a Kandulu anagona chagada kuyang'ana kunsi, ndipo anadzuka akupukusa mutu.

"Achimwene, tengani obiriwirawa. Lamba wake ndimupeza pamsika pompano. Ofiirawa lamba akaduka mudzachita kutuma munthu ku Joni. Komanso chimbale cha mipeni kunsiku wina anachiwotcherera, sichingamasulidwe. Penti sitchetcha udzu."

Bambo ankavomera ndi mutu, koma anali atakhala kale pampando wa masipuling'i uja, manja ali pachiwongolero. Madalaivala owadziwa anayamba kusonkhana. Wina anakuwa kuti, "Bwana mkubwa, mwagula Benzi!" Bambo anayesetsa kuumitsa nkhope koma masaya anawakanika. Potsiriza anatsika, nakonza kolala, nanena mwaulemerero ngati woweruza milandu:

"Tisakangane. Chingwe ndicho chigamule. Tiya, yeza."

Ndinayamba ndi obiriwira. Chingwe chinadutsa chimbale chonse n'kutsalako. Ndinapita pa ofiira, a Juze atandigwirira nsonga inayo. Mfundo inaperewera ndi chikhatho changa chathunthu. Ndinayang'ana a Kandulu, anali atatembenuka akupukuta manja. Ndinayang'ana bambo, ndinaona ngati maso awo ali pa nyale zija. Ndinayang'ana a Juze, iwo anandimwetulira n'kulimbitsa zala. Ndinakoka. Chingwe chinapyapyala, mfundo inayenda mwaulemu mpaka kumapeto kwa chimbale.

"Akwana, ababa."

"Akwana?"

"Akwana ndithu."

A Kandulu anangoti, "Chabwino, ndalama ndi zanu," ndipo tinakweza makina ofiirawo pa pikapu n'kubwerera kunyumba.

Makinawo anawatsitsira pamsewu kuti bambo alowe nawo pakhomo akuyendetsa okha. Ana a m'dera lonse anatithamangira, akuluakulu anasiya zochita. Amayi anaima pakhonde manja ali m'chiuno. Kapinga wakutsogolo bambo anamumaliza pozungulira katatu kokha, anthu akuwomba m'manja. Kenako anakweza dzanja ngati mtsogoleri wa dziko, nakhotera kumpata kuja.

Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero. Mbali ina chimbale chinakwekwesa khoma, mbali ina chinaluma tsinde la mtengo wanga n'kusenda khungwa. Injini inazima. Bambo anabwerera m'mbuyo, anthu atawakankha, nayesanso mopendeketsa. Zinakanika. Amuna anayi anayesa kunyamula makinawo cham'mbali, koma oyilo wakuda uja anatayikira pa thalauza la mmodzi wa iwo, amene anali pa ulendo wa kukwaya. Wina anathamangira kumalire pa njinga ndipo anabwerako ndi uthenga woti a Juze awoloka kale, makina obiriwira agulidwa ndi munthu wa ku Thambani.

"Koma mtengowu wanenepa bwanji kuchokera m'mawa," anatero amayi, osayang'ana munthu.

Bambo anavula chipewa, napukuta thukuta, nayang'ana khamu lija limene linkadikira. Kenako anayang'ana mtengo.

"Khoma sitingagumule. Tiya, pita kwa aneba ukabwereke nkhwangwa."

Ndinapita. Inde, ndinapita ndithu, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Njira yonse ndinkadziuza kuti mwina aneba sapezeka, mwina nkhwangwa yaguluka. Anapezeka, ndipo nkhwangwa inali yonoledwa dzulo lake. Pobwerera inkandilemera ngati ndasenza mtondo. Nditafika ndinaona bala lija patsinde, loyera, likuchucha madzi, ndipo m'mwamba manachesi anali atayamba kumene kuchezuka. Bambo anatambasula dzanja. Ine nkhwangwa ndinaikanirira.

"Ababa, mtengowu sunalakwe."

"Nanga walakwa ndani?"

Ndinaika nkhwangwa pansi, n'kutulutsa chingwe chija m'thumba. Ndinangochigwira uku ndi uku pamaso pa anthu onse, n'kuchikoka. Chinatalika. Ndinachisiya, chinabwerera. Ndinachikokanso, misozi ili chuchuchu.

Woyamba kuseka anali a Kandulu. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako bwalo lonse linaphulika, ngakhale bambo a thalauza la oyilo aja. Amayi anadziphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Bambo okha sanaseke. Anayang'ana chingwecho nthawi yaitali, kenako anati:

"Bweza nkhwangwa ya eni. Mtengo ukhala. Makina atchetcha kutsogolo. Kuseri utchetcha ndiwe, monga kale."

Ndinatchetcha zaka zina zinayi, mpaka nanenso ndinapita kusukulu yogonera. Makina ofiira anagwira ntchito mvula imodzi yokha, ntchito ya mphindi zisanu pa sabata, kenako lamba anaduka. Amene anatumidwa ku Joni anabwera ndi lamba wa saizi ina. Kuyambira pamenepo makinawo anangokhala pansi pa khonde, bambo n'kumakhalapo masana akuwerenga nyuzipepala, kapu ya tiyi ili pakabowo kaja. Pambuyo pake nkhuku ina inayamba kuikira kunsi kwake. A Kandulu akamadutsa sankalephera kupereka moni wa mtundu umodzi: "Aja a ku Thambani akutchetchabe, achimwene."

Chaka chatha ine ndi amuna anga tinamaliza nyumba yathu, ndipo matenda a kapinga ndinapezeka kuti ndinatengera. Tisanapite kukasankha makina athu, ndinayeza geti ndi mipata yonse ndi tepi yachitsulo, kawiri, ndipo ndinatenga makaniko n'kumumvera. Tinagula osaoneka bwino, olira kamodzi n'kamodzi injini ili yozizira. Nditapita kwathu kukawauza bambo, ndinawapeza pansi pa mtengo wanga uja. Chipsera chikadalipo patsinde. Anamvetsera nkhani yanga akusenda nachesi pang'onopang'ono.

"Tiya," anatero, "tsiku lija kumalire ndinakuona ukukoka."

"Munandiona?"

"Chingwe chinachita kupyapyala ngati ulusi. Ndinayang'ana kumbali dala. Ofiira aja ndinkawafuna kuposa iwe."

"Nanga nkhwangwa ija, ababa? Mukanadula?"

"Ndinkapemphera kuti uyankhule iweyo. Ine pamaso pa anthu onse aja pakamwa panali patauma. Ukanakhala chete, sindikudziwa, mwanawe. Mwina ndikanadula."

"Ndiye zaka zinayi ndinatchetcha ndekha mlandu wa anthu awiri?"

"Iwe unkatchetcha kuseri kosaoneka. Ine ndinkakhala kutsogolo pa makina akufa, a Kandulu akundipatsa moni."

Amayi, amene ankasankha nyemba pakhonde, anati iwo anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa munthu wonamizidwa amakalipa, pamene bambo anangoti zii ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Tinaseka mpaka misozi, koma pobwerera ndinali ndi maganizo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti phunziro la tsiku lija linali lakuti mwana asaname. Tsopano ndikuona kuti tonse awiri tinapita kumalire titasankha kale, ndipo makaniko ndi chingwe tinangowatenga kuti akativomereze. Makaniko anakana, chingwe chinalola, ndipo amene akanalipira ndi mtengo umene sunapite nawo n'komwe kumalireko. Bambo anandipatsa theka la nachesi lija ndisananyamuke. Linali loyamba kupsa chaka chimenecho, ndipo theka linalo anadya okha, akuti nawonso analivutikira.