Azungu anayi a pakhoma pathu

Lero mwana wanga watentha mapepala pambaula, ndipo fungo lake landibwezera ku Mtendere, komboni imene ndinakulira.

Pakhoma pathu panali chithunzi cha azungu anayi atagwira mavayolini, wina yake yaikulu yoimika pansi. Onse anasainapo mayina. Atate anachita kupatsidwa ndi abwana awo ku Kabulonga, kumene ankasamalira maluwa. Nyimbo za anthuwo sitinazimvepo, koma Lamulungu lililonse atate ankapukuta galasi lake ndi malaya awo, akung'ung'udza nyimbo yongopeka.

Atate atamwalira, abale awo anabwera kudzasesa katundu. Atate aang'ono anatsitsa chithunzicho, n'kuchitsegula kumbuyo.

"Fulemu ni yabwino," anatero kwa amayi. "Manje aba bazungu, mulamu, ni babululu banu, ba m'banja mwanu?"

Fulemu inalowa m'thumba, pepala linagwa pansi.

M'mawa mwake tinalibe ngakhale chivundikiro cha poto chokupizira moto. Amayi anatola chithunzicho n'kuyamba kukupiza mbaula. Kona inagwira moto, mkono wa uja wa vayolini yaikulu unayamba kuda.

"Amayi, akupsa," ndinatero.

"Aleke," anayankha osandiyang'ana, n'kupitiriza kukupiza.