Nyani anagwira mfundo ya mbereko yanga

Anthu akamva nkhani iyi ena amaseka, ena amati ndikuthira mchere, koma ndikukuuzani anzanga, palibe chimene ndawonjezerapo. Ndikanakhala wopeka nkhani ndikanapeka yoti ine ndioneke wochenjera, osati iyi imene chitsiru chake ndine ndemwe. Zinandichitikira masanasana, muno mu Lilongwe momwemuno, papita zaka zingapo tsopano.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kaliyeka, ine ndikukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu, bambo akunyumba akuwotcherera zitsulo ku Biwi. Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wosakwana zaka ziwiri, ndipo mwanayo tinam'peza movutikira, titatha zaka zisanu ndi chimodzi pabanja, azimayi akutsinana ndikamadutsa pokatunga madzi. Ndiye mukamamva nkhaniyi muzidziwa kuti amene ndinabereka kumbuyo tsiku limenelo anali yekhayo, wina kunalibe.

Loweruka lina m'nyengo yotentha bambowo anadzuka ndi maganizo oti tipite kumalo kuja amasungirako nyama zakutchire, akuti mwana akaone ng'ona ndi agwape, nafenso tikajambulitse zithunzi ngati anzathu. Ine ndinawafunsa kuti mwana woti ngakhale nkhuku amaitchula kuti galu, ng'ona akaidziwa bwanji? Koma mukuwadziwa azibambo akatsimikiza chinthu, anali atapukuta kale nsapato. Ndinamusambitsa mwana, ndinaika zitumbuwa zinayi m'kajumbo poti mwana wanga njala ikam'gwira ankalira mpaka anthu kutembenuka, basi tinakwera minibasi.

Titafika pageti tinalandiridwa ndi mayi wina wa yunifolomu, waulemu wake bwinobwino, ndipo anatiuza momveka kuti chakudya chilichonse tisiye pomwepo tidzatenga potuluka. Anati kupatula nyama za m'mipanda, m'nkhalangomo muli apusi ndi anyani ongodziyendera okha, ndipo jumbo amaidziwa ali patali. Ine ndinavomera ndi mutu ngati munthu womva, koma mumtima ndinkati awa akufuna mwana akalira tikagule zawo zodula, zitumbuwa zanga zawalakwira chiyani? Ndinapita kuseri ngati ndikukonza mbereko, ndinapisa nsonga ya chitenje m'zogwirira za kajumbo kaja, n'kumanga mfundo pachifuwa monga timamangira tikabereka mwana, kajumboko n'kukakankhira m'kati kuti kasaoneke. Mwamva bwino pamenepo? Mfundo imene inagwira mwana ndi yomweyo imene inagwira zitumbuwa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ine anyani ndimawadziwa. Ndinakulira ku Ntchisi, ndalonderapo chimanga kumunda ndili mtsikana, ndipo ndikudziwa kuti nyani munthu wamkazi samuwerengera, umachita kum'ponyera mwala iye akungokuyang'ana uku akusenda chimanga chako. Wina wobadwira m'tauni akanati sindinkadziwa, nanga ine ndinganene chiyani? Paja amati samvamnkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Tinaona agwape, mwana akuloza n'kumati galu, tinaona akadzidzi, galu yemweyo, bambo ake akuseka uku akujambula ndi foni. Kenako tinalowa kanjira kopapatiza ka m'mitengo kopita kumene kuli ng'ona, ndipo pamenepo mwana anagwetsa nsapato imodzi. Ine ndinabwerera pang'ono kukaitola, bambowo n'kupitirira ndi gulu la anthu ena. Powerama paja kajumbo kaja kanasolokoka m'chitenje n'kuyamba kulendewera pamimba, mafuta akuonekera, koma ine osazindikira.

Nditaweramuka ndinangoona nyani wamphongo atakhala pakati pa njira, pakati pa ine ndi anthu aja, wamkulu ngati mwana wa Sitandade 4 atanjuta. Sanachite phokoso ayi. Anayasamula pang'onopang'ono, mano akuthwawo kutalika ngati chala changa ichi, ndipo sankandiyang'ana kumaso, ankayang'ana pachifuwa panga. Nditatsitsa maso ndinaona kajumbo kali pamtunda.

Bambo ake anatembenuka n'kuona, ndiye anayamba kukuwa kuti amake mwana thawani, anthu enanso n'kumakuwa zomwezo. Koma tandiuzani inu amene munaberekapo mwana, munthu uli ndi mwana kumbuyo ukatembenuka kuti uthawe, chilombocho wachipatsa ndani? Msana wanga unali mwana wanga. Ndinadziuza mumtima kuti kaya andiluma kaya andikhadzula nkhope, ine kutembenuka ayi, nyani ameneyu athane ndi ine kutsogolo kuno. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono, dzanja likufufuza mfundo kuti ndimasule kajumbo ndim'ponyere, ndipo m'pamene ndinazindikira zimene ndinachita, poti kumasula kajumbo kunali kumasula mwana.

Sindinamuone akudumpha. Ndinangozindikira waima ndi miyendo iwiri patsogolo panga, manja ake onse ali pa kajumbo, akukoka. Anzanga, nyani ali ndi mphamvu, musamuone kuonda miyendo. Atakoka kamodzi mfundo inasuntha, chitenje chinakhwepa, ndipo ndinamva mwana akutsetsereka kuchoka pamsana kufika m'chiuno. Dzanja lamanzere ndinaliponya kumbuyo n'kumugwira kumatako, lamanja ndinafumbata mfundo ija ndi mphamvu zanga zonse, ndiye manja anathera pomwepo, lachitatu ndikanalitenga kuti? Timajumbo timeneti tsiku lililonse timang'ambika ndi tomato wa pamsika, koma tsiku limenelo zogwirira zake zinapotana ngati chingwe, osaduka.

Ndiye chinandimaliza n'chakuti mwanayo sankaopa. Anasuzumira kunkhwapa kwanga akuseka, n'kumati galu, galu, kenako anatulutsa kadzanja kake kuti amusisite monga ankachitira ndi kagalu ka aneba. Tizala take tinafika pafupi ndi kamwa la nyani, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinakapanikiza kadzanjako ndi chigongono mwamphamvu moti mwana analira, ndipo atamva kulira kwakeko nyani anatembenuza maso kumuyang'ana koyamba. Pamenepo mantha anandithera, m'malo mwake munalowa ukali umene sindinaumvepo chibadwire. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulira, kuti mwana wanga adzalumidwe chifukwa cha zitumbuwa zinayi?

Popeza manja analibe mpata, ndinaweramitsa mutu n'kuluma zogwirira za kajumbo zija ndi mano. Chipumi changa chinakhudza ubweya wake, fungo lake ndimalimvabe ndikakumbuka, ndipo ndinkamva mpweya wake wotentha pakhutu langa. Iye anaona ngati ndikum'landa, ndiye anandiluma pamkono wamanja, uwu unagwira mfundowu. Ululu wake sindingaufotokoze, dzanja linkafuna kutseguka lokha, koma ndinkadziwa kuti ndikangotsegula mwana ali pansi pamapazi a nyani. Ndinalimbitsa zala, ndinatafuna pulasitiki ija ngati galu pafupa, chogwirira chimodzi chinaduka, ndinasaka chinacho ndi lilime, ndinaluma, ndinakoka ndi khosi, nacho chinaduka. Nyani anadzandira chambuyo ndi kajumbo kake, ndipo kanthawi komweko anali ali mumtengo.

Bambo ake anafika ndi mwala m'manja zonse zitatha, pambuyo pawo mayi wa pageti uja ndi anzake awiri akuthamanga. Ine ndinangokhala pansi panjira pomwepo, magazi akuyenderera mpaka pa chitenje, koma dzanja osachoka pamfundo. Anandiuza kuti amayi tayani tim'tenge mwana, ine ndikumva ndithu, koma zala zinakana, mpaka mayi uja anachita kuzitambasula chimodzichimodzi. Anamuvula mwana, anamuyang'ana thupi lonse, ndipo analibe ngakhale kachilonda, kupatula pamkono pamene ndinam'panikiza ine mayi ake. Mayi uja anaona zidutswa za pulasitiki zitatsalira pamfundo, anandiyang'ana, koma sanandikalipire, anangoti tithamangire kuchipatala. Kunena zoona ndikanakonda akananditukwana, chifukwa chete wakeyo anandipweteka kuposa mano a nyani.

Kuchipatala ananditsuka bala, anandibaya jakisoni wa chiwewe, n'kundiuza masiku oti ndizibwereranso kukabayitsa ena, ndipo ndinapita onse osaphonya. Mkono unatenga nthawi kuti upole, chipsera chilipo. Bambo akunyumba mpaka lero akamacheza ndi anzawo amati nyani anathawa ataona iwo akubwera ndi mwala, ine ndimangowasiya, nanga n'kuwalanda kamwala kawoko?

Nkhani itafika ku Kaliyeka azimayi anabwera kudzandizonda, ndipo ambiri ankati zimenezi si zapachabe, nyani ameneyo anachita kutumidwa ndi anthu amene sanakondwe kuti ndabereka, apo ayi bwanji anasiya anthu onse aja n'kusankha ine? Wina mpaka anafuna kundiperekeza kwa munthu woti akandiuze amene wachita. Masiku oyamba ndinkangoti kaya, chifukwa zinkandikomera kuti mlandu ukhale wa wina. Koma tsiku lina ndikumusambitsa mwana ndinaona pamkono pake pamene ndinam'panikiza paja payamba kuda, ndipo ndinadziuza kuti ndisiye bodza. Amene anabweranso ndi nkhani yotumidwayo ndinamuuza maso ndi maso kuti nyani sanatumidwe ndi munthu, ndinamuitana ndine, nditauzidwa pageti m'Chichewa chomveka bwino.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anandichitira chifundo chimene sindinachigwirire ntchito, ndipo ndimakhulupiriranso kuti tsoka lambiri limene timanamizira afiti timalimanga tokha ndi manja athu, tikudziona ochenjera. Ana apititseni akaone nyama, si koipa, ifenso tinadzapitanso mwana atakula. Koma akakuuzani kuti chakudya siyani apa, siyani, mwana alire, kulira sikupha. Ndipo inu azimayi anzanga amene mumamangirira makiyi, foni, kajumbo ka ndiwo, chilichonse pamfundo ya mbereko poti manja atanganidwa, ine ndikakuonani pamsewu ndimakuimitsani ngakhale sindikukudziwani, ena amanditukwana, zilibe kanthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina wina adzakoka chimene mwamangiriracho, kaya ndi nyani, kaya ndi wakuba m'depoti, kaya ndi chitseko cha minibasi, ndipo chimene chidzagwe pansi si kajumbo ayi, ndi mwana wanu.