Zovala Zopindidwa ndi Manja a Wina

Sutikesi ya achimwene anga inafika Loweruka masana, tikutonola chimanga pakhonde kwathu ku Madzimoyo. Anabwera nayo dalaivala wa lole ya feteleza, munthu wothamangira zake, woti ngakhale madzi anakana.

"Ine nangopatsidwa chabe ku Lusaka," iye anatero. "Akuti nikasiye kwa aphunzitsi, ni katundu wa mwana wawo uja wa bola."

"Nanga kalata?" anafunsa atate.

"Kulibe, bosi."

Achimwene anali atatha zaka ziwiri akusewera mpira ku Joni. Anayambira pabwalo lafumbi ku Chipata, timu ya ku Lusaka nkuwatenga, kenaka anthu a ku Joni nkuwaona. Ine mlongo wawo ndinali nditangoyamba kuphunzitsa, ndipo ndinkanyada nawo mochita kunyanya. Mwana wa sukulu akandivuta ndinkamuuza kuti achimwene anga amadziwika m'mayiko awiri, iye amadziwika kuti?

Atate anathyola loko ndi sikuludiraiva. Pamwamba panali nsapato za mpira, zotsukidwa mpaka kunsi, zingwe zake zitakulungidwa bwinobwino. Pansi pake majezi, malaya, masokosi awiriawiri, chilichonse chopindidwa mofanana ngati cha m'sitolo. Amayi anatenga jezi imodzi, naitembenuza, naibweza pamalo pake.

"Mwana wanga sapinda zovala," anatero. "Awa ndi manja a wina."

Zinali zoona. Achimwene ankavula malaya nkuwasiya pomwe agwerapo, ndipo ine ndinakula ndikutolera, kukamwa kukutukwana.

Azakhali, mlongo wa atate, anali nafe pakhondepo. Iwo ndi amene anayamba kulira. Kale mchimwene wawo wamkulu anapita kumigodi ya ku Joni komweko, ndipo chimene chinabwerako chinali bokosi la katundu, lolongedzedwa ndi anzake, lopanda kalata. Kwathu aliyense wamkulu ankadziwa zimenezi: munthu akafera kutali, chimene chimabwerako ndi katundu wake basi. Komanso panali patangopita chaka chichitikire ngozi ya ndege ija imene inatitengera anyamata a timu ya dziko, moti mpira ndi imfa zinali zisanasiyane m'mitu mwathu.

Atate anawadzudzula azakhali. Anali mphunzitsi wa mishoni wopuma pantchito, munthu woti sakhulupirira chinthu asanachione papepala. Anati Lolemba tikaimba foni ku positi ofesi, nambala ya nyumba imene achimwene ankakhala tinali nayo. Koma Lolemba linali kutali, ndipo kulira kwa azakhali kunali kutafika kale kwa aneba.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapeza anthu pabwalo. Palibe amene anawaitana, palibenso amene ananena mawu oti maliro. Amuna anangokhala pansi pa mango, zipewa zili pamaondo. Amayi amvano anabwera ndi nkhuni. Anyamata awiri analowa m'nyumba nkuyamba kutulutsa mipando monga timachitira pa zovuta, ndipo atate anaima pakhomo.

"Bwezani mipando yanga. Ndani wakuuzani kuti pano pali maliro?"

Anaibweza, koma anthu sanachoke. Ine ndinapsa mtima ndi aliyense, makamaka mayi wina amene anandigwira dzanja nkunena kuti mnyamatayo anali waulemu. Anali! Ndinafuna kumulavulira. Komabe nditalowa kuchipinda ndinazindikira kuti nanenso ndayamba kuwakumbukira achimwene ngati munthu wakale, momwe ankasekera, momwe ankanditchulira kuti hedimasitala. Apa ndi pamene ndinachita mantha enieni. Amayi sanalire, sanadye, anangokhala pamphasa atayang'ana kumsewu.

Lolemba m'mawa tinakwera minibasi ya ku Chipata, ine ndi atate. Atate anavala jekete lawo la ku tchalitchi. Ku positi tinalembetsa nambala nkudikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Atatiitana, atate anandikankhira kutsogolo. Anati makutu anga ndi abwino.

Anayankha munthu wa Chingerezi chodukaduka. Ndinamudziwa, chifukwa achimwene ankamutchula m'makalata: mnyamata wa ku Japani amene ankagona naye chipinda chimodzi, nayenso wosiya kwawo chifukwa cha mpira, ndipo iyi inali timu yake yachitatu kunja. Ndinatchula dzina la achimwene. Iye anati ndidikire, nagoneka foni pathebulo.

Ndinamva mapazi ake akupita kutali, chitseko chikutseguka, kenaka zii. Ndinaganiza kuti wapita kukaitana wamkulu wa timu, chifukwa nkhani yotere sanena mnyamata. Ndinayamba kukonza mawu oti ndikawauze amayi.

"Halo? Ndani?"

Anali iwo. Mawu awo enieni, okhala ngati a munthu amene wamudzidzimutsa akudya. Ndinakuwa mpaka anthu a pamzere anatembenuka.

"Achimwene! Muli moyo? Nanga katunduyu?"

Anafotokoza mothamanga. Timu ina ya kwa Aluya inali itawagula, Lachitatu akwera ndege, ndipo m'ndege salola katundu wambiri. Zotsalazo anapatsa munthu wopita ku Lusaka. Kalata anaiponya payokha, mwina ikadali m'njira. Wolongedza anali mnzawo wa ku Japani uja, amene sankapirira kuona zovala zikuponyedwa m'sutikesi ngati masaka. Kenaka mawu awo anasintha.

"Koma iwe, mwaimbiranji? Kunyumba simuimba foni. Wamwalira ndani?"

"Palibe, achimwene."

"Usandinamize. Ni amama?"

Ndinayesa kuseka, kuti amve kuti zonse zili bwino, koma kusekako kunatuluka ngati kulira. Ndinapereka foni kwa atate kuti awatsimikizire okha, popeza mawu a atate sankatsutsidwa ndi aliyense. Atate anaika foni kukhutu, namva mwana wawo akuti "atate, atate." Munthu amene anaima nji masiku awiri, wobweza mipando pamaso pa mudzi wonse, anatsegula pakamwa osatuluka liwu. Analira mokweza ngati mwana, atatsamira khoma la positi.

Ndinalanda foni ija. Achimwene anali akukuwa.

"Ngati amama ali moyo, atate akulira chiyani? Ndiuze zoona!"

"Ali bwino, ndikulumbira, ali kunyumba..."

Foni inaduka. Tinapempha kuti atilumikizenso, koma mizere ya kunja inali itadzaza, ndipo mawa lake sinagwire n'komwe. Lachitatu achimwene anakwera ndege kupita kumalo amene nambala yake tinalibe, adiresi yake sitinkaidziwa. Ife titabwerera ku Madzimoyo tinaphika tiyi, anthu nabalalika akuseka. Achimwene anatha milungu isanu m'dziko lachilendo, akulowa m'bwalo Loweruka lililonse, akukhulupirira kuti amayi awo tinawaika m'manda popanda kuwauza.