Thewera lomwe linapsa lisanakhudze makala

Ndikukumbukira mwezi wa Juni umene mlongo wanga Zeka anabadwa, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabadwa masiku asanakwane, kamwana kopepuka ngati nkhunda, ndipo anamwino anawauza amayi kuti mdani wake wamkulu ndi mphepo. Chaka chimenecho chiperoni chinatsika m'phiri la Tumbine n'kukhazikika pa Milange osafuna kuchoka. Dzuwa silinkaoneka, matewera sankauma.

Azakhali anga a Rosa, amene anabwera kuchokera ku Mongue kudzathandiza amayi m'chikuta, ankakoleza mbaula panja, makala akayaka bwino n'kuilowetsa m'chipinda. M'mawa wina anapeza kuti matewera ouma atha. Anakokera mpando pafupi ndi mbaula, n'kuyanikapo awiri, iwo ulendo wa kumjigo. Amayi anali m'tulo ndi mwana mkati mwa neti.

Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa pamene ndinamva fungo longa la malaya opsa ndi simbi. Nditasuzumira, thewera limodzi linali litada pakati, likufuka utsi, ndipo ndikuyang'ana choncho linangoti lawi buu! Mphonje ya neti inkalendewera pomwepo. Ndinakuwa. Amayi anadzidzimuka, anafungatira Zeka, n'kukankhira mpando kukhomo ndi phazi. Ababa, amene ankamanga matumba a chimanga panjinga kuti awolokere ku Muloza, anathamanga n'kuzima motowo ndi chiguduli chonyowa.

Azakhali atabwera anagwetsa ndowa. "Achimwene, ndikulumbira, silinakhudze makala!"

"Ndikudziwa, mlongo wanga," anatero ababa. "Kukampu ya othawa nkhondo kuja tinaona misasa ikutha chonchi. Moto sudikira kuti uukhudze."

Tsiku limenelo kumalire sanapitenso. Anaika mbaula pakati pa chipinda, n'kutiuza kuti aliyense aiyandikire pang'onopang'ono atatsogoza kuseri kwa dzanja. Ndinaima ndikadali patali ndithu, khungu litayamba kuthetheka.

"Wamva?" anandifunsa. "Nsalu nayonso imamva chimodzimodzi, kungoti ilibe pakamwa."

Anatola khala lozima n'kujambula mzere pansi kuzungulira mbaula, phazi lalikulu la munthu wamkulu mbali zonse. Neti, mphasa, zitenje za amayi zimene timazitcha makapulana, zonse zinakhala kunja kwa mzerewo. Anati zenera lizikhala lotsekula pang'ono chifukwa cha mpweya wa makala, ndipo munthu asanagone mbaula izituluka. Kenaka anamanga chingwe kukhoma lakutali. Matewera ankauma mochedwa, komabe ankauma. Azakhali anafuna kubwerera kwawo chifukwa cha manyazi, koma amayi anawagwira mkono. "Mukapita, mwanayu andisambitsira ndani?" Anakhala mpaka Zeka atayamba kunenepa masaya.

Lero Zeka ndi bambo wa ana awiri. Ine m'nyumba mwanga muli chotenthetsera chamagetsi, chopanda lawi kapena utsi, koma ana anga amadziwa kuti yunifolomu yonyowa siiyandikira, ngakhale belu la kusukulu lili pafupi kulira.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ngozi imabwera ndi anthu osasamala. Tsopano ndikuona kuti m'nyumba monse muja, amene ankamusamala Zeka kuposa tonse anali azakhali. Ankangofuna kuti mwana avale chouma msanga. N'chifukwa chake ndikaona mayi wasendezera zovala kumoto, sindimukalipira. Ndimangosuntha mpandowo, n'kukhala naye pansi kudikira limodzi.