Kamnyamata Komvera ka M'buku la Aphunzitsi

Lero mdzukulu wanga Asiyatu wandiikira buku lake pamiyendo. "Agogo, ndiwerengereni." Ine, munthu woti ndikaitana pagombe mawu amakamveka kusiteshoni ya Chipoka, ndangoti maso atopa.

Pasukulu pathu buku linali limodzi, ndipo aphunzitsi okha ndiwo ankaligwira. Ankalikweza m'mwamba kuti tione zithunzi. Munali kamnyamata kovala nsapato, kamene bambo ake akakatuma kankangoti, "Chabwino, bambo." Aphunzitsi ankaloza ndi choko n'kumati, "Mwana wabwino ndi ameneyu." Masiku amenewo m'mawa uliwonse tinkatchula ngodya zinayi za dziko: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo pa kumvera m'pamene ine ndinkakweza mawu kuposa onse.

Ndiye usipa utachuluka, bambo anga anati, "Iwe, mawa usavale yunifolomu. Ukatithandize kukoka khoka." Ndinayankha ngati kamnyamata kaja, "Chabwino, bambo." Wallahi, ndinanyada. Ndinkakoka chingwe m'manja muli matuza okhaokha, mumtima ndikuti aphunzitsi akamva adzandiimika kutsogolo, kalasi yonse indiombere m'manja.

Pamene ndinkabwerera kusukulu nyengo ya usipa itatha, anzanga anali atafika kumapeto kwa buku. Aphunzitsi anatseka mphuno nati, "Nanga wadzatani? Bwerera kunyanja kwako komweko." Ndinamveranso.

Asiyatu wawerenga yekha, mokweza ngati agogo ake. Mpaka lero sindidziwa kuti kamnyamata kaja kanathera pati, koma ndikhulupirira kuti bambo ake analibe khoka.